Kabotolo n'kodzadza koma mafuta a mabuleki anafa kalekale

Mwezi wathawu kunabwera bambo ena ku galaja kwathu kuno ku Blantyre ndi Corolla yawo yakale ya manyuwo, asanapereke ndi moni womwe akuti amekaniki tandionereni galimotoyi, dzulo imafuna kundiphera banja. Amatsika mtsetse wa ku Chikwawa uja, m'galimoto muli mayi a kunyumba, ana atatu ndi katundu wodzadza buti, ndiye atatsala pang'ono kufika pa Thabwa anaponda buleki pedulo n'kungolowa mpaka pansi ngati aponda nthochi yakupsa. Anapopa kangapo, n'kukoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka galimoto inaima m'mbali mwa msewu. Anakhala pamenepo mtima uli thithithi, patatha mphindi ngati 30 anayesanso, buleki yabwerera, ikugwira bwinobwino ngati palibe chomwe chachitika. Chimawazunguza mutu n'chimenecho, kuti chinthu chingafe bwanji kenako n'kudzuka chokha.

Tinakweza galimoto pa jeke n'kuchotsa matayala onse. Mapadi anali bwino, mashuzi a kumbuyo ali bwino, palibe payipi yomwe imadontha. Nditatsegula boneti kabotolo ka mafuta a mabuleki kanali pa MAX penipeni, koma mtundu wake eee, ngati tiyi wopanda mkaka amene wagona mu ketulo. Ndinawafunsa kuti bambo brake fluid ameneyu munasintha liti, iwo anandiyang'ana modabwa, akuti kodi amenewonso amasintha? Galimoto akhala nayo zaka 6, oyilo wa injini saphonya, fyuluta saphonya, koma kabotolo kameneka amangokasuzumira kuti kaya kadzadza basi. Ndipo sindikuwanena, anthu ambiri amene amabwera kwa ine amadziwa choncho, palibe anawauzapo.

Nkhani yake ndi iyi. Mukaponda pedulo mwendo wanu sukhudza tayala, umakankha kapisitoni mu master cylinder, kapisitoniko n'kukankha mafuta m'mapayipi mpaka ku makalipa (zitsulo zomwe zimapanitsa mapadi) ndi masilinda a m'matayala. Zimatheka chifukwa chinthu chamadzimadzi sichifinyika, mukachikankha kuno chimakankha uko nthawi yomweyo. Koma mpweya kapena nthunzi zimafinyika, yesani kutseka kukamwa kwa sirinji yopanda kanthu ndi chala n'kukankha muone mmene imalowera. Tsono mafuta a mabuleki amene timagwiritsa ntchito, DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1, anapangidwa ndi mankhwala a mtundu wa glycol ndipo khalidwe lawo ndi loti amamwa chinyontho cha mumpweya ngati mmene mchere umachitira nthawi ya dzinja mukausiya posavindikira. Chinyonthocho chimalowa pa kabowo kopumira ka pa chivindikiro, chimalowa mukamatsegula kabotolo, chimalowanso pang'onopang'ono kudzera mu mapayipi a labala aja olo asanang'ambike. Galimoto kaya ikuyenda kaya yangokhala pa mawe, madzi akulowabe. N'chifukwa chake pa nkhani iyi timawerenga zaka, osati makilomita.

Madziwo akachuluka mafuta amayamba kuwira msanga. Zilembo za DOT zija ndi muyezo wa unduna wa zamtengatenga wa ku America, ndipo muyezowo umati DOT 3 watsopano asawire asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi okwana pafupifupi 3.7 peresenti malire ake amatsika kufika pa 140. DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika kufika pa 155, DOT 5.1 amayambira pa 260 n'kufika pa 180. Taonani kusiyana kwake, timadzi tochepa choncho tikuchotsa madigiri 65 mpaka 80. Mu tauni simungazindikire, kuchoka ku Limbe kupita ku Ginnery Corner mabuleki satentha mokwanira, ndiye galimoto imaoneka yabwinobwino chaka ndi chaka. Koma ikani anthu asanu ndi katundu, mutsike ku Chikwawa, kapena Chiweta, kapena msewu wa Masasa wotsikira ku Golomoti, kapena kuchoka pamwamba pa phiri la Zomba phazi lili pa buleki makona onse, kalipa imatentha zedi, mafuta a mkati mwake amawira n'kupanga thovu la nthunzi, mukaponda mukungofinya nthunziyo. Mukaima zinthu n'kuzizira nthunzi imabwerera kukhala madzi, pedulo n'kulimbanso. Ndi zomwe zinawachitikira bambo aja, ndipo choopsa chake n'chakuti umboni umathawa, munthu amafika kunyumba n'kumati mwina ndimangoganiza.

Vuto lachiwiri silichita phokoso koma ndi limene limadya ndalama za anthu a magalimoto akale. Mafuta atsopano amakhala ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo mankhwalawo amatha mphamvu ndi nthawi. Akatha, madzi aja amayamba kudya mkati mwa masilinda, pisitoni ya kalipa imachita dzimbiri n'kuyamba kugwira, tayala limodzi limatentha lokha, galimoto imakokera mbali imodzi, mapadi amatha mwansanga mbali imodzi, ndipo mumamva fungo la chinthu chopserera mukaima. Silinda ya kumbuyo mkati mwa dilamu imakumbika timaenje, labala n'kuyamba kudontha, mafuta n'kunyowetsa mashuzi. Ndikamasula silinda yotere mkati mumatuluka zinthu ngati matope ofiirira. Ndiye ngati galimoto yanu ili ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kuumiratu mukaponda buleki mwadzidzidzi, mu kabokosi kake muli timavalavu ting'onoting'ono tomwe sitigwirizana ndi zinyalala ngakhale pang'ono, kakafa kameneko mukafunafuna kwa ogulitsa masipeya a galimoto zophwasula ndipo mtengo wake mudzaumva. Lita imodzi ya brake fluid, yomwe imakwana kutsuka galimoto yaing'ono yonse, siifika olo pa mtengo wa tayala limodzi.

Magalimoto athu ambiri, ma Vitz, ma Sienta, ma Probox, ma Demio, anabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito, anakhala pa doko, anayenda pa sitima ya pamadzi, anakhalanso pa doko ku Dar es Salaam kapena kwina, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mafuta a mu kabotolo kaja analowa chaka chiti. Ine ndimati galimoto ikangofika m'manja mwanu, kaya mwaitanitsa kunja kaya mwagula kwa mnzanu, sinthani pompo kuti muyambe kuwerenga pa tsiku lomwe mukulidziwa. Kuchokera pamenepo zaka 2 zilizonse, ndi zomwe makampani ambiri opanga magalimoto amalemba m'mabuku awo, ena amati 3. Kwa amene amayenda m'mapiri kapena kunyamula katundu, ma minibasi ndi ma pikapu, ine sindingadikire zaka 3.

Tsopano kilatchi, amene aliyense amamuiwala. Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki izi sizikukukhudzani, ndipo pali magalimoto ena akale a manyuwo amene kilatchi yake imakokedwa ndi kebulo, amenewonso alibe mafuta. Koma ambiri a manyuwo, ngati ma Hilux ndi ma Corolla, kilatchi imayenda ndi mafuta omwewo a mabuleki. Pena pamakhala kabotolo kakang'ono kapadera pafupi ndi ka mabuleki, pena kabotolo n'kamodzi koma kali ndi kapayipi kopita ku kilatchi. Pali master pamwamba pa pedulo ndi slave, kasilinda kamene kamakankha kilatchi, ku giyabokosi. Mafuta a kilatchi amada msanga kuposa a mabuleki, mpaka kuchita bii ngati oyilo wakale, chifukwa phazi lanu limaponda kilatchi kambirimbiri pa ulendo umodzi, malabala amaperepeseka pang'onopang'ono ndipo fumbi lakelo limasakanikirana ndi mafuta. Zizindikiro zake mumazidziwa, giya kuvuta kulowa makamaka 1 ndi rivesi, kukhulula galimoto ikatentha pa mzere wautali wa magalimoto, pedulo kugwirira pansi penipeni kapena kuchedwa kubwerera. Anthu akamva choncho amathamangira kuti kilatchi puleti yatha, n'kutsitsa giyabokosi, pomwe nthawi zina vuto ndi mafuta ndi timalabala basi. Pisani dzanja pansi pa dashibodi pomwe kamtengo ka pedulo kamalowera, mukapeza kapeti yanyowa ndi zinthu zoterera ndiye kuti master ikudontha chamkati. Ndipo pali magalimoto ena amene slave yake ili mkati mwa giyabokosi momwe, ikafa palibe kuchitira mwina koma kutsitsa giyabokosi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu chifukwa cha kachinthu kamene kakanakhala zaka zambiri kakanamalandira mafuta oyera.

Pali mawu amene ndimawamva pafupipafupi, akuti galimoto yakale osaigwira mabuleki, ukangosintha mafuta master imafa. Mawuwa ali ndi pochokera, sindingawatsutse onse. Pa galimoto yakale kapisitoni ka mu master kazolowera kuyenda kamtunda kochepa, ndipo mbali yakutsogolo komwe sikafika kumakhala dzimbiri ndi litsiro. Ndiye pobulida, kutanthauza potulutsa mafuta akale ndi mpweya m'mapayipi, mnyamata amene ali pa mpando akamapopa mwamphamvu mpaka pedulo kugunda pansi, labala imadutsa pa dzimbiri lija n'kung'ambika, mawa lake pedulo yayamba kumira yokha pa maloboti. Cholakwa si mafuta atsopano, ndi kapopedwe. Ife timaika kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi, timapopa mofatsa, kapena timagwiritsa ntchito kapampu kokoka mafuta ku nipo, kabawuti kotulutsira mafuta ku tayala, osagwira pedulo n'komwe. Komanso tinene zoona, master yomwe yafa chifukwa chopopedwa inali itatsala pang'ono kale, ndipo bola ifere pa galaja kusiyana ndi pa mtsetse.

Ntchito yake ikamachitika imani pafupi muone, ndi galimoto yanu. Choyamba timayamwa mafuta akale mu kabotolo ndi sirinji, n'kuthira atsopano. Apa ndi pomwe ena amathera, n'kukuuzani kuti tasintha, ayi, amenewo angotsuka kumaso, mafuta oipa kwambiri ali kumatayala komwe kumatentha. Pamafunika kupita tayala lililonse, kawirikawiri timayamba lomwe lili kutali ndi master ngakhale magalimoto ena ali ndi ndondomeko yawo m'buku, kuvala kapayipi koonekera mkati pa nipo, mbali inayo mu botolo, kenako popa, gwira, timatsegula nipo, timatseka, siya, mpaka zotuluka zisinthe kuchoka ku tiyi uja kufika poyera ngati mafuta ophikira atsopano, popanda thovu. Nipo za galimoto yakale zimakhala zitagwirana ndi dzimbiri, zimafuna kupopera mankhwala omasulira n'kudikira, n'kugwira ndi ring'i sipanala yoyenera, nthawi zambiri 8 kapena 10, osati pulayazi, chifukwa ikathyokera mkati ntchito ya ola limodzi yasanduka ya kusaka kalipa. Ndipo kabotolo kasaume pakati pa ntchito, mpweya ukalowa mu ABS magalimoto ena amafuna kompyuta kuti utuluke. Kilatchi ndi chimodzimodzi, nipo yake ili pa slave.

Zogula, werengani pa chivindikiro cha kabotolo, pamalembedwa. Ma Toyota ambiri akale amati DOT 3, ndipo kuthira DOT 4 mmenemo palibe vuto, koma pomwe alemba DOT 4 musatsike kupita ku DOT 3. Chenjerani ndi DOT 5 wopanda .1, ameneyo ndi wa silikoni, ndi mtundu wina, sasakanizidwa ndi enawa. Gulani botolo lomata lomwe mutsegule nokha, osati zopungulira mu mabotolo a madzi akumwa, ndipo lotsala theka lomwe lakhala mu buti chaka chonse lamwa kale chinyontho, musalidalire. Oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena wa pawa sitiyaringi asayandikire kabotolo kameneka olo dontho, amatupitsa malabala onse ndipo pamafunika kusintha chilichonse chokhala ndi labala. Madzi a sopo amene madalaivala ena amathira akathedwa nzeru kutchire, ngati munachitapo, tsukitsani sisitimu yonse tsiku lomwelo mwafika. Mafutawa akadonthera pa penti tsukani ndi madzi ambiri msanga chifukwa amasupula, ndipo ndi poizoni, asungeni kutali ndi ana, komanso chonde osapaka pa bala kapena pa chipere monga ndimaonera ena akuchita.

Chinanso, mukaona mafuta atsika pang'ono mu kabotolo musathamangire kuthira. Mapadi akamatha mapisitoni amatuluka, mafuta n'kutsatira, ndiye kutsikako kukukuuzani kuti kaonetseni mapadi. Akatsika msanga ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo nthawi zina simuona dontho pansi chifukwa master ikuthira mkati mwa busita, chitsulo chozungulira chomwe chili kumbuyo kwake.

Corolla ija tinaitsuka matayala onse anayi ndi kilatchi yomwe, silinda imodzi ya kumbuyo tinapeza yayamba kunyowa titasenda kalabala kake ndiye tinasintha zonse ziwiri. Botolo la zomwe zinatuluka ndinawapatsa bambo aja m'manja kuti aliyang'ane padzuwa, pansi pake panali patakhazikika zakuda. Ndinawauzanso kuti ulendo wina potsika ku Chikwawa alowetse giya 2 kapena 3 kuyambira pamwamba kuti injini izigwira galimoto, buleki aziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya kuti ipume, osati kugonekapo phazi njira yonse, ndipo za fuli giya, kutsetsereka atachotsa giya kuti asunge petulo, aiwaliretu. Kenako ndinamata kathepi pambali pa kabotolo n'kulembapo mwezi ndi chaka ndi maka, kuti aliyense wotsegula boneti imeneyo aziona tsiku lomwe mafutawo analowa.