Si munthu aliyense wa ku America amene ndi Yankee

Ambiri akamva dzina loti Yankee amangoti ndi munthu aliyense wa ku America. Kunja kwa dzikolo anthu amaterodi, kuphatikizapo ku Britain. Koma mukayerekeza kutchula mkulu wa ku Georgia kapena Alabama, maboma akummwera kwa dzikolo, kuti Yankee, angakuyang'aneni ndi diso lofiira.

Nkhani yake yagona pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Anthu akummwera, omwe ankakakamira kusunga akapolo, ankatchula asilikali akumpoto kuti ma Yankee, ndipo sanali mawu achikondi ayi. Mpaka lero kummwerako dzinali limatanthauza munthu wakumpoto. Mukafika kumpotoko nakonso akulozerani ku New England, chigawo cha maboma 6 monga Vermont, Maine ndi Massachusetts, n'kukuuzani kuti eni dzinalo ndi amenewo.

Nanga linachokera kuti? Akatswiri ambiri a ziyankhulo amaloza ku Chidatchi, ku dzina loti Janke, kutanthauza Jan wamng'ono. N'zomveka ndithu, pakuti New York unali mudzi wa Adatchi wotchedwa New Amsterdam mpaka 1664. Asilikali a Britain ankalitchula monyoza anthu a ku America, koma nkhondo yomenyera ufulu kuchoka mu ulamuliro wa Britain itabuka mu 1775, onyozedwawo analitola n'kumalinyadira.