Tabuleti si dokotala wa mwana wosakhazikika

Ndatopa nawo mawu awa: "Aphunzitsi, pa foni amakhala maola atatu osagwedezeka, ndiye m'kalasimu ndi ulesi chabe." Ayi, mayi. Mwana wa ADHD, vuto la mu ubongo lolepheretsa kukhazikika ndi kuika chidwi pa chinthu chimodzi, amakakamira pa gemu chifukwa gemu imamupatsa mphoto pompopompo: kabelu kalira, nyenyezi yatuluka, mapointi akwera. Samu ya pa bolodi ilibe belu. Mukamukwapula mukungowonjezera mantha pa vuto limene sanalisankhe, vuto la ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse padziko lapansi.

Ena akamva zimenezi amathamangira kukagula tabuleti ngati mankhwala. Ku America, bungwe la boma loona za mankhwala la FDA linavomereza gemu ya EndeavorRx mu 2020 ngati chithandizo cha ana a ADHD a zaka 8 mpaka 12, koma amalembera ndi dokotala, ndipo imayendera limodzi ndi chithandizo china. Tsono munthu akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti ali ndi pulogalamu "yokonza ubongo", ndipo akuti mutumize ndalama kaye, musayankhe n'komwe.

Zipangizo zimathandiza ndithu. Matabuleti a bungwe la onebillion amene ali m'sukulu zina za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya boma ya BEFIT amaphunzitsa m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndipo mwana akalakwa amadziwa nthawi yomweyo. Mahedifoni amamutsekera phokoso la kalasi lodzaza. Kunyumba, alamu ya kafoni ka mabatani ndi yokwanira: mphindi 10 alembe, ikalira adzuke akamwe madzi, abwerenso. Koma wamkulu akhale pambali. Mukamusiya yekha, mumupeza ali pa YouTube.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mtsikana wina wa Sitandade 3. Akulemba, pensulo inkangoima pakati pa liwu, maso ali tong'o, zikope zikuphethira. Pakapita masekondi ochepa ankapitiriza ngati palibe chachitika. Aliyense ankati ndi wosamvetsera. Amalume ake anatumiza tabuleti kuchokera ku Joni. Agogo ake anapita naye kwa sing'anga, anabwera ali ndi mphini m'mbali mwa mutu. Ineyo ndinamuika kutsogolo ndi alamu yanga, ndikuganiza kuti ndathandiza. Zaka ziwiri zinatha choncho, kalasi anabwereza. Atafika kuchipatala anapeza kuti ndi khunyu, mtundu uja wosagwetsa munthu pansi, umene uli ndi mankhwala ake.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti musanagule chilichonse, mwana ayezedwe kaye. Makutu osamva bwino, maso, njala, kusagona mokwanira, ngakhale zotsalira za malungo a mu ubongo, zonsezi zimaoneka ngati ADHD. ADHD yeniyeni imayamba mwana asanakwane zaka 12, imakhalapo miyezi 6 kapena kuposa, ndipo imaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Pitani naye kuchipatala cha boma teremu yomwe ino, mutenge makope ake ndi kalata ya aphunzitsi yofotokoza zimene amaona m'kalasi.