Katemera wa chitopa sapha nkhuku ayi

Abale anga kuno ku Salima, zomati katemera wa chitopa ndi amene amapha nkhuku tizisiye. Chimachitika nchakuti timadikira mpaka nkhuku za aneba ziyambe kusinza ndi kupinda makosi ndiye nkumathamangira kwa alangizi, pamenepo matenda alowa kale mkhola, zikafa basi mlandu nkukhala wa katemera. Katemera wa chitopa uja wotchedwa I-2, wodontheza dontho limodzi m'diso, amateteza nkhuku yomwe ili bwinobwino, sachiza yodwala, ndipo amafunika kubwereza miyezi inayi iliyonse makamaka isanafike nyengo yotentha yomwe chitopa chimavuta. Tsabola, Panado kapena makapisozi sizipha vayirasi.

Chinanso, chimfine cha mbalame si chitopa olo zizindikiro zifanane, ndi vayirasi ina ndipo I-2 sathandizapo. Ku South Africa mu 2023 nkhuku mamiliyoni zinaphedwa chifukwa cha chimfine cha mbalamechi, mazira anasowa mmashopu mitengo nkukwera. Kunyanja kuno kumabwera mbalame zochokera kutali zomwe zimatha kunyamula vayirasiyi, ndiye nkhuku zikangofa zambiri nthawi imodzi chonde uzani a vetenale msanga, osathamangira kukagulitsa zotsalazo pa Kamuzu Road.