Mbaula inagona kuti? Zimene timaona pakhomo la casualty

Juni akafika kuno ku Mzuzu, ife a ku casualty, kumene chipatala chimalandirira odwala mwadzidzidzi ndi ovulala, timadziwira pa odwala. Amayamba kubwera ana opsa ndi phala kapena madzi owira, ena atagwera pa mbaula powotha. Kenako m'bandakucha wina amabwera nawo anthu a nyumba imodzi, bambo, mayi ndi ana, onse mutu ukuwawa, akusanza, wina atakomoka. Achibale amakayikira ndiwo za dzulo, ena amanong'onezana zoti alodzedwa. Ife timafunsa kuti, "Mayi, mbaula inagona kuti?" Makala akamayaka m'nyumba yotseka mazenera amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Ena amagona osadzukanso.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yathu ndi kusoka mabala ndi kuika madiripi basi, ndipo kupewa matenda ndi kwa alangizi a zaumoyo oyenda m'makomo ndi katemera ndi klorini. Ine ndimatsutsa. Vuto likabuka ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, nthawi zambiri limaonekera koyamba pakhomo pathu, ndipo aliyense wolowa timamulemba m'kaundula: wachokera kuti, wadwala liti, chachitika n'chiyani. Kulembako n'kotopetsa, makamaka usiku pamene muli awiri okha pa ntchito, koma kaundulayo akawerengedwa bwino amalankhula.

Tengani kolera. Munthu wamkulu mmodzi akabwera akutsegula m'mimba madzi oyera ngati otsukira mpunga, maso atalowa m'kati, sitidikira kuti abwere wachiwiri. Timamupatula, timamupatsa madzi a m'mitsempha, ndipo tsiku lomwelo uthenga umapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuti akaone chitsime chimene amatungako ndi anthu amene amadya naye. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unasautsa kwambiri anzathu a ku Nkhata Bay, ndipo m'dziko lonse unapha anthu oposa 1,700. Matenda otere amafala m'masiku amene wodwala woyamba wangopatsidwa mankhwala n'kubwezedwa kunyumba popanda wodziwitsidwa.

Pali china chimene chimatiyambanitsa ndi anthu pamzere. "Adokotala, tabwera m'mawa ife, uyu wangofika kumene mwamulowetsa. Ndi m'bale wanu?" Si m'bale wathu ayi. Timasankha odwala malinga ndi kukula kwa vuto. Mwana wobanika, wokomoka, wolefuka moti sangathe kuyamwa, kapena wozizira manja mtima ukuthamanga, amalowa pompo. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, ili ndi mbiri yake ku Malawi konkuno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake atakonzanso kalandiridwe ka ana mu 2001, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Chachikulu chinali kuona msanga mwana amene sangadikire, ndi kuphunzitsa ogwira ntchito kumuzindikira.

Za ngozi za pamsewu sindichulukitsa, mumazidziwa: nkhungu ya ku Chikangawa, makona a ku Chiweta, ndi njinga zamoto za kabaza zonyamula anthu atatu popanda chipewa ngakhale chimodzi. Fupa la mwendo timalumikiza. Ubongo ukavulala, zimene tingachite n'zochepa, ngakhale ku Mzuzu Central kumene odwala a chigawo chonse cha kumpoto amatumizidwa, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Likoma.

Ndiye pali bambo amene wabwera ndi chala chodulidwa ndi chikwanje, ife n'kumuyeza BP n'kupeza yakwera kwambiri, iye osadziwa chifukwa samva kupweteka kulikonse. Azibambo ambiri safika kuchipatala pokhapokha magazi atatuluka, choncho mphindi zosoka balazo ndi mpata wathu wokhawo womuuza za mchere, fodya ndi mankhwala omwa tsiku lililonse, sitiroko isanamugwetse. Ena amamva, ena timadzakumana nawonso atanyamulidwa pa machira.

Za mwana wopsa uja, chonde musamupake mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira, chifukwa timavutika kuzichotsa ndipo bala limatukusira. Thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, kwinako mumufunditse kuti asazizidwe, phimbani balalo ndi nsalu yoyera, mubwere naye. Mbaulayo itulutseni panja musanatseke chitseko, ngakhale makala akuoneka ngati azima.