Mkuwa wa m'zitsulo zosachita dzimbiri sulowa m'malo mwa sopo

Mapoto ambiri, masinki ndi matebulo a m'zipatala amapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304, chomwe chili ndi chromium pafupifupi 18% ndi nickel 8%. M'mitundu ina amaonjezeramo mkuwa wokwana 3% mpaka 4%, makamaka kuti chitsulocho chifeweko ndi kupindika bwino popanga zinthu monga masikuluu.

N'zoona kuti mkuwa umapha majeremusi. Mu 2008 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA ku America linavomereza zitsulo zina kuti zimapha mabakiteriya oposa 99.9% m'maola awiri, koma zimenezo zili ndi mkuwa wosachepera 60%. Chitsulo cha mkuwa 3% chili kutali ndi pamenepo. Chimalimbana ndi majeremusi pokhapokha ngati chinatenthedwa mwapadera kufakitale, ndipo mafuta kapena litsiro likakuta pamwamba, mkuwawo sukhudzananso ndi majeremusi. Wogulitsa akakuuzani kuti chiwiya chimadziyeretsa chokha, musamumvere.

Tsukani kaye chiwiyacho ndi sopo ndi madzi. Mukafuna kupha majeremusi, sungunulani Jik: ngati pabotolo palembedwa 3.5%, thirani kapu imodzi m'makapu 34 a madzi. Pamene pagwera magazi, kapu imodzi m'makapu 6. Pakani, dikirani mphindi yosachepera imodzi, tsukuluzani ndi madzi oyera, n'kupukuta. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Jik akaumira pachitsulo, kapena ziwiya zikagona m'madzi ake usiku wonse, klorini wa mu Jikyo amaboola timaenje ting'onoting'ono, ndipo m'timaenjemo ndi m'mene mumabisala majeremusi. Madzi amchere kwambiri amachitanso chimodzimodzi. Musakwechenso ndi sitiliwulo ya chitsulo wamba, chifukwa imasiya tizidutswa tomwe timachita dzimbiri. Jik musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, pakuti pamatuluka mpweya woopsa.

Poto wa chitsulo chosachita dzimbiri mutha kuphikiramo mopanda mantha. Zoopsa ndi ziwiya za mkuwa weniweni zosakutidwa m'kati. Zakudya zowawasa monga matimati, bwemba, mandimu ndi thobwa zimasungunula mkuwawo, ndipo wodya amachita nseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba. Mukaona zobiriwira m'kati mwa chiwiya, chakudyacho tayani. Ngati kusanza sikukusiya, makamaka kwa mwana, thamangirani kuchipatala ndipo mukawauze adokotala chiwiya chimene munagwiritsa ntchito.