Perefyumu saweruzira pa chitsekerero cha botolo

Pali dandaulo limodzi limene ndatopa nalo m'sitolo momwe ndimagulitsa mafuta onunkhira. Bambo amagula botolo atangonunkhiza chitsekerero, ndipo pakapita masiku atatu amabwerera nkhope ili gwaa, n'kunena kuti ndawagulitsa chinthu chachinyengo chifukwa fungo limene analikonda m'mawa linali litasintha pofika masana. Kusinthako ndi kumene perefyumu wabwino amayenera kuchita.

Ndipereke chitsanzo cha Boss Bottled, perefyumu wa abambo amene kampani ya Hugo Boss inatulutsa mu 1998, wopangidwa ndi katswiri wosakaniza mafuta onunkhira, Annick Ménardo. Mukangopopera mumamva apozi ndi kafungo ka zipatso za mtundu wa ndimu, ndipo zimenezi sizichedwa kuuluka. Pakadutsa theka la ola pamatulukira sinamoni, fungo lofunda ngati la keke imene yangophulidwa kumene. Koma mtima wa perefyumuyu uli pansi penipeni, pamene pali vanila, mtengo wonunkhira wa sandalwood, mkungudza ndi vetiva, ndipo pamenepo mphuno simafikapo musanadikire ola limodzi kapena awiri.

Amene munatsegulapo kabokosi kosemedwa ndi mkungudza wa ku Mulanje mukulidziwa fungo louma lija, lokanirira m'zala, ngakhale kuti mkungudza wa m'perefyumu umachokera ku mitundu ina ya ku America ndi ku Morocco. Vetiva ndi udzu womwewu umene alimi amadzala m'minda poteteza nthaka kuti isakokoloke. Mafuta ake amatengedwa m'mizu, ambiri kuchokera ku Haiti, ndipo amamveka ngati dothi limene lanyowa ndi mvula yoyamba. Sandalwood ndiye wofewa, wonga mkaka. Mafuta olemerawa amauluka pang'onopang'ono, ndipo ndi amene amaigwira vanila kuti mwamuna wamkulu asamanunkhire ngati siwiti.

Opanga zachinyengo amadziwa bwino kuti wogula amaweruza m'mphindi zisanu zoyambirira, choncho amatengera fungo la pamwamba lokha, lomwe n'lotsika mtengo. Zapansizo sazivutikira. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti palibe amene amadziwa zimene athira m'botolomo, popeza ena amagwiritsa ntchito ngakhale methanol, sipiriti yapoizoni.

Mpaka lero sindimuiwala mnyamata wina amene anabwera kudzandifunsa malangizo atadziphimba khosi ndi mpango dzuwa likuswa mtengo. Anali atagula botolo lolembedwa dzina lotchuka kwa wogulitsa wa m'mbali mwa msewu, pa mtengo umene sukanagula ngakhale katoni yake. Poona kuti fungo likutha msanga, ankapopera kasanu ndi kawiri pa tsiku, pakhosi pomwe wangometa. Khungu linayamba kuyabwa, kenako linatuluka matuza. M'malo mothamangira kuchipatala, anamvera munthu wina amene anamuuza kuti thupi likungozolowera, n'kumupatsa mafuta osalembedwa dzina oti azipaka. Anataya milungu itatu. Atachotsa mpangowo ndinaona zilonda zikutuluka mafinya kuyambira pansi pa khutu mpaka pa kolala, ndipo ndinamuuza kuti ine si dokotala, apite tsiku lomwelo.

Khungu likayamba kutentha kapena kuyabwa, sambani pamalopo, siyani perefyumuyo, ndipo ngati sizikusintha pitani kuchipatala mutatenga botololo. Ngakhale perefyumu weniweni amatha kuwenga anthu ena, makamaka amene muli sinamoni. Musapopere pamene mwangometa. Ndipo mukaona ngati fungo latha, funsani mnzanu musanawonjezere, chifukwa mphuno yanu imazolowera pamene amene mwakhala nawo mu minibasi akutsamwa. Pogula, poperani kamodzi padzanja, tulukani m'sitolo mukachite zina, ndipo mubwerere pakatha maola awiri mutamva mkungudza ndi vetiva pakhungu lanu. Wogulitsa amene akukukanizani zimenezi, musamupatse ndalama yanu.