Chithunzi cha diso la mbewa chimafuna mboni

Mu 2012 akatswiri a ku National Eye Institute, ku America, adaulula zomwe zidaziziritsa m'nkhongono ofufuza za maso ambiri. Mbewa za mtundu wa C57BL/6N, zomwe malabotale padziko lonse amagula kuti aziyeserapo matenda ndi mankhwala, zimabadwa ndi chilema chotchedwa rd8 m'jini (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) ya Crb1. Chilemachi chimaoneka ngati timadontho toyera kuseri kwa diso ndipo chimadya retina, kachikopa koonera ka mkati mwa diso, pang'onopang'ono. Ena anali atalengeza kale kuti timadonthoti tadza chifukwa cha jini yomwe iwo adaichotsa mwadala, chonsecho mbewazo zidabadwa nato. Zibale zake za C57BL/6J zilibe vutoli, koma malipoti ambiri ankangolemba kuti "C57BL/6" n'kusiyira pomwepo.

Retina ndi kachikopa kopyapyala komwe kadayalidwa mkati mwa diso chakumbuyo, ndipo ndi komwe kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Timakajambula ndi makina a OCT, omwe David Huang, James Fujimoto ndi anzawo a ku MIT adawasonyeza mu 1991. Amagwira ntchito ngati sikani ya amayi oyembekezera, kungoti m'malo mwa mawu amatumiza kuwala, n'kutionetsa magawo a retina momwe adasanjikizirana. Ubwino wake pa mbewa ndi woti simuipha kuti muone m'kati mwa diso. Mutha kuijambula sabata ino, n'kudzaijambulanso mwezi wamawa.

Vuto ndi kuchepa kwa zinthuzi. Diso la munthu ndi lotalika pafupifupi mamilimita 24, la mbewa mamilimita 3 ndi pang'ono, ndipo retina yake ndi yochindikala pafupifupi mamilimita 0.2. Makina opangidwira anthu amawerengera ngati akuona diso la munthu, choncho mtunda wa m'mbali umatuluka wolakwika ngati simunaukonze. Mbewa ilibenso macula, pakatikati paja pomwe ife timaonera zinthu bwinobwino, ndiye timayeza kuyambira pomwe mtsempha wa diso umatulukira. Mukapanda kunena kuti mwayeza kutali bwanji ndi malowo, nambala yanu ilibe mnzake woifanizira naye.

Za mankhwala ogonetsa ndiye zimandivuta mtima kwambiri, chifukwa aliyense wogwira ntchitoyi amazidziwa koma ndi ochepa amazilemba. Mbewa yobayidwa ketamine ndi xylazine imagona maso ali yuu, osaphethira. Diso limauma, thupi limazizira, ndipo posakhalitsa mandala a m'diso amachita mbuu ngati yagwidwa ng'ala. Ikadzuka ng'alayo imatha, koma chithunzi chojambulidwa nthawi imeneyo chimakhala ndi chifunga, ndipo kompyuta imalemba malire a magawo pomwe palibe. Lipoti labwino liyenera kunena mankhwala ndi mlingo wake, mphindi zomwe zidadutsa chigonere mbewa, zomwe adadontheza m'diso, komanso ngati adaifunditsa.

Palinso chinyengo cha masamu: mbewa 10 zili ndi maso 20, koma maso awiri a nyama imodzi si mboni ziwiri. Woyeza zithunzi nayenso asamadziwe kuti mbewa yomwe yalandira mankhwala oyeserawo ndi iti.

Kodi izi zikutikhudza bwanji kuno? Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi komwe Susan Lewallen, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo adaonetsa kuti mwana wokomoka ndi malungo a mu ubongo amakhala ndi zizindikiro pa retina: mawanga oyera, kukha magazi, ndi mitsempha yosintha mtundu. Malabotale akunja amayesa kutsanzira matendawa popatsira mbewa, makamaka za C57BL/6, kachilombo ka Plasmodium berghei ANKA. Wina akatiuza kuti waona zoyera m'diso la mbewa yotereyi, tili ndi ufulu womufunsa kuti inali N kapena J.

Malangizo alipo kale. ARRIVE, yomwe bungwe la NC3Rs la ku Britain lidatulutsa mu 2010 n'kuikonzanso mu 2020, imanena zoyenera kulembedwa pa kafukufuku aliyense wa nyama. APOSTEL ya 2016, yokonzedwanso mu 2021, ndi ya zithunzi za OCT pa anthu. Yoyambayo sikamba za makina a OCT mwatchutchutchu, yachiwiriyo sikamba za diso louma la nyama yogonetsedwa, n'chifukwa chake mbewa ndi makoswe zikufunika mndandanda wawowawo.

Komabe mndandanda pawokha sukwanira. Magazini ya PLOS ONE idalola kuti ayese izi: olemba ena adapemphedwa kudzaza fomu ya ARRIVE, ena ayi. Zotsatira zake zidatuluka mu 2019, ndipo palibe lipoti ngakhale limodzi, mbali zonse ziwiri, lomwe lidakwaniritsa zonse. Ine ndimati mkonzi wa magazini azibweza pepala lomwe silinanene mtundu weniweni wa mbewa, dzina la makina ndi malo omwe adayeza, mwini wake akhale wotchuka bwanji.